Momwe mungalembere ndi kuperekera chikalata cha madandaulo kuti chisathere pa chithunzi

Mu Lilongwe muno zikalata za madandaulo zimaperekedwa zambiri. Anthu amanyamuka pa bwalo la Community, kudutsa ku Mchesi, kukafika ku City Centre thukuta lili kamukamu. Mtsogoleri amawerenga chikalata mokweza, bwana amalandira ndi manja awiri, atolankhani amajambula, madzulo nkhani imamveka pa wailesi. Kenako zii. Ine ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lathu kuno ku Area 23, ndipo zimandiwawa ndikaona amayi ataya tsiku la geni, achinyamata atasiya kabaza, koma chomwe chatsala n'chithunzi cha bwana pa Facebook. Ndikulemba izi kwa inu amene muli ndi vuto lenileni m'dera mwanu, kaya ndi ngalande, mlatho, zinyalala kapena msika, ndipo mukufuna kuti pepala lanu ligwire ntchito.

Yambani ndi kuchotsa mantha. Kudandaula kwa atsogoleri si mwano. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo gawo 38 limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Kale munalinso gawo 64 lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu adalifafaniza mu 1995. Choncho pakati pa chisankho ndi chisankho, zaka zisanu zathunthu, pepala losainidwa ndi anthu ndi chimodzi mwa zida zochepa zomwe tatsala nazo.

Chinthu choyamba chomwe komiti yanu iyenera kugwirizana ndi khomo loti mugogode. Apa m'pamene zikalata zambiri zimasocherera. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala opanda makhansala, ndipo tidazolowera kutengera chilichonse kwa phungu: bokosi la maliro, fizi, mjigo, mlatho. Koma zinyalala, ngalande za m'makwalala, misika, manda ndi misewu ing'onoing'ono ya m'madera ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda, yomwe maofesi ake ali ku Civic Offices, ndipo munthu wanu kumeneko ndi khansala. Nkhani ya madzi a m'mipopi ili ndi eni ake, a Lilongwe Water Board. Magetsi ndi a ESCOM. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority. Ku Nyumba ya Malamulo, ija ili m'mbali mwa Presidential Way pafupi ndi chiliza cha Kamuzu, mumapita mukafuna kuti lamulo lisinthe, kuti ndalama ziikidwe mu bajeti ya dziko, kapena kuti komiti ya aphungu iitane unduna kapena bungwe la boma lidzafotokoze chifukwa chomwe silikugwirira ntchito yake. Mukapereka nkhani ya ngalande kwa Sipikala, adzakulandirani bwino, koma pepalalo lidzangotumizidwa kwina, ngati lingatumizidwe n'komwe. Musanalembe chilichonse, tumani anthu awiri akafunse khansala kapena mlembi wa ku khonsolo kuti nkhani yanuyo mwini wake ndani.

Chachiwiri, nkhani ikhale imodzi. Ndikudziwa kuti pamsonkhano aliyense amakhala ndi lake: uyu akuti mbava, uyo akuti chipatala chili kutali, wina akuti mitengo ya chimanga. Onse akunena zoona. Chikalata chomwe mabungwe adapereka kwa Pulezidenti Bingu wa Mutharika pa 20 July 2011 chidali ndi mfundo 20, koma chimenecho chidali cha dziko lonse, chokhala ndi mabungwe ndi maloya kumbuyo kwake. Inu a m'dera mukalemba mfundo khumi, bwana adzasankha yophweka, monga kutumiza galimoto yotola zinyalala kamodzi, n'kunena kuti wayankha. Lembani imodzi. Zinazo zisungeni m'buku la komiti, nthawi yake idzakwana.

Chikalata chenichenicho chisapitirire tsamba limodzi. Pamwamba lembani udindo wa amene mukumulembera, osati dzina lokha, chifukwa anthu amasintha koma ofesi imakhalapobe. Kenako nenani kuti ndinu ndani: anthu okhala m'buloko yakuti, wadi yakuti. Fotokozani vutolo ndi zinthu zoti munthu angathe kupita kukaziona ndi maso. Mawu oti "tikuvutika kwambiri" sathandiza, pakuti aliyense mu mzinda muno akuvutika. Lembani kuti ngalande yochokera pakuti kukafika pakuti idatsekeka chaka chakuti, mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba zingati, ana a sukulu yakuti amawoloka bwanji. Nenaninso zomwe mudayesapo kale: mudagwira chitukuko kangati, mudalembera ndani, tsiku liti. Ndime yomaliza ndiyo mtima wa chikalata, pempho lenileni, ndipo likhale ndi tsiku. Mwachitsanzo: "Tikupempha kuti akatswiri a khonsolo abwere kudzayendera malowa pasanathe masiku 21, ndipo atiyankhe polemba kalata ngati ntchitoyi ilowe mu bajeti ya chaka chamawa." Pempho lotere bwana sangalizembe ndi mawu oti "tamva, tiziona." Pansi pake ikani maina a anthu awiri kapena atatu oti alandire yankho.

Mawu akhale aulemu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Musatchule munthu kuti wakuba ngati mulibe umboni, ngakhale dera lonse likunong'ona choncho. Liwu limodzi lachipongwe limapatsa wolandira chifukwa chokambira za khalidwe lanu m'malo mwa ngalande. Za chiyankhulo, ine ndimalimbikitsa kulemba m'Chichewa poyamba, kuti aliyense wosaina amve chomwe akusainira, kenako mphunzitsi kapena wina wodziwa alembenso m'Chingerezi, poti zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo ndi makalata a m'maofesi zimayenda m'Chingerezi. Mapepala onse awiri apite limodzi.

Umboni muusonkhanitse mvula ikugwa, osadikira chilimwe. Jambulani zithunzi madzi ali m'nyumba, lembani tsiku kuseri kwa chithunzi chilichonse mukachitsukitsa. Ngati mukumva kuti ndalama za ntchitoyo zidatuluka kale, musadalire mphekesera. Pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020. Mumalemba kalata yopempha kuona bajeti kapena mgwirizano wa kontilakitala, ndipo ofesiyo imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Chikalata chokhala ndi nambala yochokera m'mabuku awo omwe chimalemera kuposa chokhala ndi mkwiyo wokha.

Tsopano masiginecha. Tsamba lililonse losainapo likhale ndi pempho lija pamwamba, mwachidule, kuti mawa wina asadzanene kuti adasaina pepala lopanda kanthu kapena ankaganiza kuti ndi kaundula wa makuponi. Mizere ikhale ya dzina, buloko, ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Nambala ya foni alembe yekhayo amene wafuna. Munthu asasainire mnzake, ngakhale mkazi kusainira mwamuna wake. Dzina limodzi labodza likapezeka, maina onse amakayikiridwa. Musatolere ziphaso za unzika, musakopere manambala ake. Nyengo ya chisankho anthu amachita mantha ndi zimenezi, ndipo mantha awowo ndi omveka. Musapereke ndalama kwa wosaina, musalandirenso. Yambirani kwa a buloko lida kuti adziwe ndi kudalitsa ntchitoyo, kenako pitani kumene anthu ali kale: potuluka m'tchalitchi Lamulungu kapena Loweruka, pa mzikiti Lachisanu, pa banki mkhonde, pa kiyosiki yotungira madzi m'mawa. Alendi musawasiye. Ambiri mwa okhala m'madera athu ndi alendi, ndipo madzi akasefukira amanyowetsa mphasa zawo chimodzimodzi. Mukamaliza, chitani fotokope tsamba lililonse.

Apa ndifike pa nkhani yomwe ambiri saiganizira, koma ndiyo imapha kapena kupulumutsa chikalata. Wandale amadya mbiri yake. Khansala, phungu, ngakhale meya, akadzuka m'mawa amaganiza za momwe anthu akumuonera, chifukwa ntchito yake imatha tsiku lomwe anthu asiya kumuona bwino. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Ndi mmene ntchitoyo ilili, ndipo inu muyenera kuidziwa kuti ikuthandizeni. Chikalata chanu chikafika m'manja mwake, funso loyamba m'mutu mwake si loti ngalandeyo ndi yaitali bwanji. Amadzifunsa kuti: kodi pepalali landibweretsera ulemu kapena manyazi, nanga kumbuyo kwake kuli ndani?

N'chifukwa chake musamudzidzimutse. Masiku angapo musanapereke, tumani akuluakulu awiri kapena atatu, mayi mmodzi akhalepo, akamuone payekha. Akamuuze kuti, "Olemekezeka, anthu anu alemba chikalata pa nkhani yakuti, ndipo tati mumve kwa ife musanamve pa wailesi. Tikufuna mutitsogolere." Mtsogoleri amene wamva nkhani ya m'dera lake kuchokera kwa mtolankhani amaona ngati mwamutchera msampha, ndipo mphamvu zake zonse zimathera poonetsa kuti chikalatacho n'cha adani ake. Amene mwamuuza mwaulemu mwamupatsa mpata woti aoneke ngati womenyera anthu ake nkhondo. Ambiri amautenga mpatawo.

Koma chenjerani ndi mashado, aja akufuna kudzaima pa chisankho chikubwerachi. Iwo amanunkhiza chikalata chikadali kutali. Adzabwera mokoma, kunena kuti alipira minibasi, agula madzi akumwa, asindikiza malaya. Kanani mwaulemu. Tsiku lomwe shado waima kutsogolo kwa gulu lanu, chikalatacho chasanduka kampeni, ndipo phungu amene ali pampando sangakonze ngalande yoti mdani wake akadzitamire nayo. Sonkhani nokha ndalama ya mayendedwe, ngakhale ikhale yochepa, ndipo msungichuma alembe aliyense amene wapereka. Dziwaninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa andale kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, choncho pokana simukulakwira munthu. Chimodzimodzi m'komiti mwanu: ngati wapampando wanu ali ndi maganizo odzaima ukhansala, ndi ufulu wake, koma asakhale wowerenga chikalata kapena woyankhula ndi atolankhani. Muuzeni maso ndi maso. Ndaonapo ntchito yabwino ikugwa chifukwa anthu adazindikira mochedwa kuti maina awo adali makwerero a munthu mmodzi, ndipo titabwereranso ndi pepala lina, makomo ambiri sadatitsegulire.

Pa tsikulo pasaoneke nsalu ya chipani chilichonse, kaya cholamula kaya chotsutsa. Uzani amayi kudakali nthawi, chifukwa ena amangovala chitenje chomwe chili pafupi osaganiza kanthu, koma kamera ikachigwira nkhani yonse yasintha. Nyimbo zonyoza munthu zisaimbidwe. Ngati khansala kapena phungu wanu ndi mayi, letsani msanga aliyense woyamba kukamba za kavalidwe kake, banja lake kapena kuti adakwatiwa kuti. Amayi a ndale amanyozedwa pa zinthu zomwe abambo safunsidwa n'komwe, ndipo gulu lochita zimenezo ine sindingayende nalo. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakhale munthu mmodzi wolemba m'dzina la komiti. Achinyamata athu akumbutseni kuti pali lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti lomwe anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba zawo.

Maonekedwe a gulu lanu nawonso amayankhula. Kutsogolo kukhale anthu amene vutolo likuwakhudza: agogo amene nyumba yawo idagwa, mayi wogulitsa tomato amene benchi lake limamira, mphunzitsi wopuma amene aliyense amamudziwa. Wowerenga chikalata akhale wodekha, womveka mawu, woti akafunsidwa funso lokola sapsa mtima. Amene walawa kachasu m'mawa abwerere kunyumba, ngakhale akhale mwana wa a buloko lida.

Nanga chithunzi chija? Mulekeni bwana ajambulitse. Amachifuna, ndipo inu simutaya kanthu. Koma chithunzicho chikhale ndi mtengo wake. Kamera isanayambe, kapena ili mkati mojambula, wowerenga afunse mwaulemu kuti, "Bwana, tiyembekezere yankho lanu tsiku liti?" Pamaso pa atolankhani n'kovuta kukana kutchula tsiku, ndipo akalitchula mlembi alembe pomwepo, atolankhani nawonso alemba. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo la pakamwa lopanda tsiku musabwerere nalo kunyumba ngati kuti mwapata kanthu. Ndipo ntchito ikadzagwirika, muyamikireni poyera, pa wailesi pomwe ngati n'kotheka, ngakhale simudamuvotere. Mtsogoleri amene waona kuti kuyankha chikalata kumabweretsa ulemu adzathamangira chachiwiri.

Kaperekedwe kali pawiri. Nthawi zambiri simufunika zionetsero ayi. Anthu asanu ovala bwino, atapangana tsiku ndi ofesi, amakwanitsa zomwe chikhamu sichingakwanitse, ndipo ine ndimati yambani ndi njira imeneyi. Kuguba kusungeni kuti kudzagwire ntchito akakunyalanyazani. Mukasankha kuguba, lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti mulembe kalata yodziwitsa bwanamkubwa, kope lake lipite kwa mkulu wa polisi ya m'deralo, pasadakhale maola osachepera 48 komanso masiku osapitirira 14. M'kalatamo mutchule wotsogolera, tsiku, nthawi, njira yomwe mudzadutse ndi kumene mukathere. Musadikire maola 48 enieniwo. Perekani kudakali sabata kuti pakhale nthawi yokumana ndi apolisi n'kugwirizana za njira. Lamulo lomwelo limaletsa kusonkhana pa mtunda wosakwana mamita 100 kuchokera pa Nyumba ya Malamulo, nyumba ya boma yokhalamo Pulezidenti kapena khoti popanda chilolezo, ndipo ku Nyumba ya Malamulo wopereka chilolezocho ndi Sipikala. Sankhaninso anthu anu osungitsa bata, odziwika ndi kansalu pamkono, chifukwa mwala umodzi woponyedwa ndi munthu wongolowerera umafafaniza ntchito ya miyezi.

Kaya mwapita asanu kaya mazana, musachoke opanda chidindo. Tengani makope awiri. Limodzi musiye, linalo wolandira adindepo chidindo cha ofesi, alembepo tsiku, dzina lake ndi udindo wake, mubwerere nalo. Ofesi ina idatiuzapo kuti kalata yathu sidafike, koma titatulutsa kope lodindidwa, fayilo idapezeka tsiku lomwelo. Masamba enieni a masiginecha ndi amene mumapereka. Mafotokope amakhala kwa mlembi, ena kwa msungichuma, nyumba ziwiri zosiyana.

Ngati nkhani yanu ndi ya ku Nyumba ya Malamulo, njira yodalirika ndi kudzera mwa phungu, chifukwa iye ndi amene angaiyankhule m'Nyumbamo kapena kufunsa nduna funso. Kuyambira chisankho cha 2025 aphungu alipo 229 m'malo mwa 193, ndipo malire a madera ena adasintha, choncho tsimikizani kuti phungu wanu ndi uti. Akazengereza, palibe choletsa kupempha phungu wina amene nkhaniyo ikumukhudza. Kope lina lipite ku ofesi ya mlembi wamkulu wa Nyumbayo, lina kwa wapampando wa komiti yoona za nkhaniyo, kaya ndi ya zaumoyo, ya maboma ang'onoang'ono kapena ya zachilengedwe. Ntchito yambiri ya aphungu imagwiridwa m'makomiti, ngakhale pamene Nyumba yonse siikukumana.

Nthawi nayo muiwerengere. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 April, ndipo bajeti imakambidwa miyezi ya February ndi March. Chikalata chopempha mlatho chikafika mu May, yankho lake n'lodziwikiratu: ndalama zidagawidwa kale. Chifikitseni chaka chisanathe, cha mu October kapena November, pamene maofesi akusonkhanitsa zoti zilowe mu bajeti. Miyezi yoyandikira chisankho andale amalonjeza chilichonse, ndiye pamenepo limbikirani kwambiri kuti yankho lichokere kwa akuluakulu a ofesi, polemba, poti iwo amatsala andale akachoka.

Ntchito yeniyeni imayamba mukabwerako. Sabata lomwelo itanani onse amene adasaina muwaonetse kope lodindidwa ndi kuwauza tsiku lomwe bwana adatchula. Anthu akapanda kumva chomwe chidachitika amayamba kuganiza kuti komiti idadyapo kanthu. Tsiku lolonjezedwa likadutsa, lembani kalata yachikumbutso, yaifupi, yotchula tsiku lomwe mudapereka chikalata ndi dzina la amene adalandira, nayonso idindidwe. Pemphani khansala kuti nkhaniyo ilowe pa mndandanda wa zokambirana za khonsolo, ndipo tsiku la msonkhanowo anthu anu angapo akakhale nawo kumbuyo n'kumamvetsera. Akangokuonani amadziwa kuti simunaiwale. Akakukanirani pempho lanu, musakhumudwe msanga: gawo 43 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa polemba pamene chiganizo cha ofesi ya boma chikukhudza ufulu kapena zofuna zanu, ndiye pemphani zifukwazo. Mwina mudzapeza kuti vuto ndi ndalama za chaka chino chokha, ndipo mudzadziwa mwezi woti mubwererenso.

Zikumbutso ziwiri zikapita popanda yankho, pamenepo m'pamene muitane atolankhani, muwapatse makope odindidwa onse motsatana ndi masiku ake. Mtolankhani amakonda nkhani yokhala ndi mapepala, ndipo bwana amene adajambulitsa akulandira chikalata safuna kufunsidwa pa wailesi chifukwa chomwe tsiku lomwe adatchula yekha ladutsira. Zikakanikabe, tengani fayilo yonseyo mupite nayo ku ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza madandaulo a anthu amene sadathandizidwe mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndipo salipiritsa. Kumeneko adzakufunsani ngati mudayamba mwadandaula kwa eni ake a nkhaniyo, tsiku liti, ndipo adakuyankhani chiyani. Mayankho a mafunso atatuwo akhale ali kale m'fayilo mwanu, tsamba lililonse ndi chidindo chake.